Khanda m'nyumba, nsapato zothamangira pakhomo: mafunso ndi mayankho kwa abambo othamanga mtunda wautali

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe anzanga othamanga nawo amandifunsa akazi awo akangochira. Ena amafunsa tikumanga zingwe za nsapato m'bandakucha. Ena amadikira tiyambe kukwera chitunda, gulu litamwazikana, kuti anzathu asamve. Ine si dokotala. Ndine bambo wa ana awiri, ndimakhala ku Blantyre, ndathamanga ma marathon (mipikisano ya makilomita 42) angapo, ndipo zambiri zomwe ndikuletsa anzanga pano ndinazichita ndekha pa mwana woyamba. Pomwe nkhani ikukhudza thanzi la mayi kapena la khanda, mawu omaliza ndi a anamwino ndi madokotala amene akuwaona.

Mayi achira dzana. Ndiyambenso liti kuthamanga?

Inu simunabereke, choncho palibe bala lomwe likukuletsani. Chokuletsani chili m'nyumbamo. Khanda limayamwa ka 8 mpaka ka 12 pa maola 24, usiku ndi usana chimodzimodzi. Mayi ake akutayabe magazi, mwina ali ndi ulusi, ndipo ngati anachira kudzera pa opareshoni, ngakhale kudzuka pabedi ndi ntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi ndi mwana aonedwe ndi achipatala kanayi: m'maola 24 oyamba, pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, kenako pakatha masabata 6. Maulendo amenewa amafuna munthu wonyamula chikwama, wofuna galimoto, woima pa mzere.

Makolo athu anali ndi chikuta. Mayi ndi khanda sankatuluka mpaka mchombo utagwa, zomwe zimatenga sabata imodzi kapena masabata awiri. Nanunso lowetsani nsapato zanu m'chikuta kwa masiku omwewo. Lamulo la ntchito ku Malawi, kuchokera pa kusintha kwa mu 2021, limapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri akulandira malipiro, kamodzi pa zaka zitatu. Ku Zambia ndi masiku asanu a ntchito. Tchuthi chimenechi ndi cha mwana. Ndikunena chonchi chifukwa ndikudziwa mmene mutu wa wothamanga umagwirira ntchito: masabata awiri osapita ku ofesi, maganizo amathamangira ku makilomita omwe angalowemo.

Masabata awiriwo akatha, ngati kunyumba kuli bata, yambani ndi mphindi 20 kapena 30, pafupi ndi nyumba, foni ili m'thumba.

Ndikapuma choncho, kodi mphamvu zomwe ndavutikira zaka zonsezi sizithawa?

Sizithawa msanga ngati mmene mukuopera. Masiku 10 osathamanga sasintha zambiri. Pakatha masabata awiri kapena atatu, madzi a m'magazi amachepako, mtima umagunda mofulumira pa liwiro lomwe kale linali lopepuka, ndipo chitunda chomwe munkakwera mukucheza chimakupumitsani wefuwefu. Zimenezi zimabwerera msanga mukayambiranso. Miyendo yomwe yakhala pamsewu zaka zisanu siiwala msewu chifukwa cha mwezi umodzi.

Pali kafukufuku wakale wa Robert Hickson ndi anzake ku America, wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, yemwe bambo aliyense wothamanga ayenera kumudziwa. Anthu anachita masewera olimbitsa thupi masiku 6 pa sabata kwa masabata 10. Kenako ena anawatsitsira ku masiku 4, ena ku masiku awiri okha, koma osachepetsa kulimba kwa masewerawo. Patatha masabata 15, mphamvu ya thupi yogwiritsa ntchito mpweya, yomwe akatswiri amaitcha VO2 max, inali isanatsike. Atayesa njira ina, yosunga masiku koma kufewetsa masewerawo, mphamvu ija inatsika. Tanthauzo lake kwa ife n'losavuta: masiku achepe, koma tsiku limodzi pa sabata thukuta lichoke ndithu.

Sabata yanga m'miyezi yoyamba ya mwana wachiwiri inali chonchi. Lachiwiri, mphindi 10 zotenthetsa thupi, kenako kukwera kachitunda ka kuseri kwathu kasanu ndi kamodzi, mphindi ziwiri ulendo uliwonse, kutsika ndikuyenda. Lachinayi, mphindi 40 pa liwiro loti n'kucheza. Loweruka kapena Lamlungu, ola limodzi. Zonse pamodzi sizinkafika maola atatu. Chomwe chimachepa pa ndandanda yotereyi ndi kupirira kwa maola ambiri pamsewu, komwe marathon imafuna. Chimenecho chivomerezeni. Mudzachimanganso.

Nthawi yothamangayo ndiipeza kuti?

Funso limeneli anthu amalifunsa ngati nthawi ndi ndalama yogwa pansi, yoti munthu wamaso akuthwa atola. M'nyumba ya khanda mulibe nthawi yopanda mwini. Ola lililonse lomwe muli pamsewu, pali munthu amene wanyamula mwanayo, ndipo kawirikawiri ndi munthu yemwe sanagone.

Tiyeni tiwerengere. Munthu wokonzekera marathon amatha kuthamanga makilomita 60 pa sabata. Pa liwiro la mphindi 6 pa kilomita, amenewo ndi maola 6. Onjezerani kuvala, kupita kokumana ndi gulu, macheza a pomaliza, kusamba, ndi tulo ta masana a Loweruka tomwe thupi limapempha mukachoka kothamanga makilomita 28. Zimafika maola 9 kapena 10. Ndi tsiku lathunthu la ntchito, sabata iliyonse, lomwe mayi a mwana akukulipirirani ndi msana wawo. Ine pa mwana woyamba sindinawerengepo chonchi. Ndinkangoona kuti ndikudzuka 4 koloko, aliyense ali mtulo, choncho palibe yemwe ndikumulanda kanthu. Ndinaiwala kuti mwana amadzuka hafu pasiti 4, ndipo chitseko chomwe ndinkatseka mosamala chija ndicho chinkamudzutsa.

Choncho nthawi siipezeka, imapemphedwa ndipo imabwezedwa. Khalani pansi Lamlungu madzulo, muuzane masiku ndi maola. Mukatenga ola limodzi Lachinayi m'mawa, nenani ola lomwe mayi adzagone kapena kutuluka, mwana ali m'manja mwanu, osati m'manja mwa mlamu wanu. Ndipo ola limodzi likhale ola limodzi. Kunena kuti ndibwera 6 koloko n'kufika 7 koloko ndi komwe kumapha chikhulupiriro, kuposa kuthamanga kwenikweniko.

Nthawi zomwe zimapweteka pang'ono anthu a m'nyumba ndi izi. Yoyamba, ulendo wa kuntchito: ngati mumakhala ku Chilomoni kapena ku Chitawira n'kumagwira ntchito m'tauni, siyani zovala ndi thawulo ku ofesi Lolemba, kenako masiku ena muzipita kapena kubwerera chothamanga. M'maola a mzere wa magalimoto, nthawi zina mumafika limodzi ndi minibasi. Yachiwiri, nthawi ya nkhomaliro, kupatula mu Okutobala ndi Novembala pomwe dzuwa la masana silichita nthabwala. Yachitatu, m'mawa mwana akangoyamwa n'kugonanso: mugeyetseni ndinu, musintheni thewera ndinu, mugonekeni, kenako tulukani. Mayi akagona ola limenelo osasokonezedwa, kuthamanga kwanu sikunadye tulo ta munthu.

Za m'bandakucha, kumbukirani kuti kwathu kuno mu Novembala ndi Disembala kumacha cha m'ma 5 koloko, pomwe mu Juni ndi Julaye dzuwa limatuluka cha m'ma 6, nthawi zina kuli chiperoni. Mumdima valani zowala, thamangani moyang'anizana ndi magalimoto, ndipo misewu yopanda anthu isiyeni. Tsopano pali anthu awiri omwe akudikira kuti mubwere.

Mwana analira usiku wonse. Alamu yalira. Ndipite kapena ndigone?

Gonani. Kapena, ngati mayi ndi omwe anachezera, mtengeni mwanayo mupite naye pabalaza kuti iwo agone.

Thupi silikula mphamvu pamsewu. Pamsewu limagumuka pang'ono, n'kumangidwanso mukamagona. Munthu wosagona amatera phazi mosasamala, amadwala chimfine msanga, ndipo liwiro lomwelo limamulemera. Lamulo langa, lomwe ndinangodziikira ndekha, ndi loti ndikagona maola ochepera 5 kwa masiku awiri otsatizana, za chitunda ndi za liwiro palibe. Mwina mphindi 20 zopepuka, mwina ayi. Ndipo tsiku lophonya silibwezedwa pophatikiza awiri mawa lake. Lapita lapita.

Khofi amathandiza m'mawa, koma amakhalitsa m'magazi: pakatha maola ngati 5, theka lake limakhala lilipobe. Mukamwa 4 koloko madzulo kuti mukathamange mukaweruka, mudzakhala maso gwa pa nthawi yokhayo yomwe mwana wagona. Chinthu china chomwe sichikhudza kuthamanga koma chikhudza bambo wotopa: musagone pa sofa khanda lili pachifuwa panu. Ndi malo oopsa kwambiri kwa mwana. Tulo tikakugwirani, mugonekeni chagada pamalo ake, mu neti.

Nanga ulendo wautali wa Loweruka?

Apa ndiye pagona nkhani. Mphindi 40 za pakati pa sabata sizinayambanitsepo banja. Chomwe chimayambanitsa ndi makilomita 30 a Loweruka: maola atatu pamsewu, ndipo wobwerayo ndi munthu wofuna madzi, nsima ndi bedi, pa tsiku lokhalo lomwe mayi amayembekeza kuti pakhala manja anayi.

M'miyezi itatu yoyamba, ine ndinganene kuti musapyole ola limodzi ndi theka. Komanso sinthani kaonekedwe ka ulendowo. M'malo mopita kutali n'kubwerera, pezani njira yozungulira ya makilomita 4 kapena 5 yodutsa pageti panu. N'zotopetsa m'maso, ndikudziwa. Galu wa aneba yemweyo amakuuwani kanayi. Koma botolo la madzi lili pageti, ndipo foni ikalira mumafika kunyumba pasanathe mphindi 15. Mutha kugawanso ulendowo pawiri, mphindi 50 m'mawa ndi mphindi 40 madzulo. Sizifanana kwenikweni ndi kuthamanga kamodzi, koma zili bwino kuposa kukhala.

Muyezo wa liwiro ukhale uwu: mukafika, mukasamba, kodi mutha kulandira mwana n'kukhala naye maola atatu otsatira? Ngati yankho ndi ayi, mwathamanga mopyola zomwe nyumba yanu ingakwanitse, ngakhale wotchi ikukuyamikirani.

Gulu nalo liuzeni. Anzanu adzakunyengererani kuti tangofikani nafe pa mphambano ija, ndi pafupi. Ambiri mwa onyengererawo ana awo ali ku sekondale.

Ndinalembetsa kale mpikisano waukulu mayi asanachire. Nditaye ndalama zanga?

Zimatengera mpikisano wake ndi msinkhu wa mwana pa tsikulo. Wa makilomita 10 kapena 21 wochitikira mumzinda wanu womwewo ndi nkhani ya m'mawa umodzi. Pitani, koma nthawi yomwe munkafuna kuswa iiwaleni.

Mpikisano wa pa phiri la Mulanje, wa ma porter (onyamula katundu wa alendo paphiripo), ndi wina. Umachitika mu Julaye, umayambira ku Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso ku Likhubula, makilomita oposa 20. Pa pepala ndi waufupi. Koma kutsika miyala ija kumafuna maso ndi mutu wogona bwino, ndipo bondo kapena kakolo akaguluka, m'nyumba mwanu mudzakhala anthu awiri ofuna kunyamulidwa. Ngati mwana sanakwane miyezi itatu, pitani mukaonere, kapena dikirani chaka chamawa.

Comrades ya ku South Africa ndiye ayi ndithu, ngati mwana wabadwa m'miyezi ya kukonzekera. Mpikisanowu ndi wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, uyenera kumalizidwa m'maola 12, ndipo kawirikawiri umachitika mu Juni. Kukonzekera kwake kumadya Januwale mpaka Meyi, ndi maulendo ena a makilomita 50 kapena kuposa. Uyeneranso kumaliza kaye marathon ina m'nthawi yoikika kuti uloledwe. Kwa wochokera ku Malawi pali ulendo wa ndege, kapena wa basi wodzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge, womwe paokha umadya tsiku ndi usiku usanafike n'komwe ku Johannesburg. Mwana wobadwa mu Febuluwale ndi Comrades ya mu Juni sizikhalira limodzi. Mapanga awiri avumbwitsa. Okonza mpikisanowu amatsegula nyengo yoti munthu apereke malo ake kwa wina mwalamulo, choncho fufuzani masiku ake msanga. Comrades inayamba mu 1921, Vic Clapham atailimbikira, ndipo yapirira nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi mliri wa Covid. Idzakudikirani.

Koma Eliud Kipchoge, katswiri wa marathon wa ku Kenya uja, ali ndi ana atatu, ndipo sanasiye.

Inde, ndipo onani mmene moyo wake unakonzedwera. Pa zaka zake zapamwamba, Kipchoge ankakhala ku kampu ya ku Kaptagat mkati mwa sabata, akuthamanga makilomita oposa 200 pa sabata, n'kumapita kwa banja lake ku Eldoret kumathero a sabata. Ana ankaleredwa ndi akazi ake, Grace Sugut, omwe anadzamuonera maso ndi maso akupikisana kwa nthawi yoyamba ku Vienna pa 12 Okutobala 2019, tsiku lomwe anamaliza marathon mu 1:59:40. Kuthamanga ndiye ntchito yake, ndiye kumadyetsa banjalo, ndipo banjalo linagwirizana nazo. Inu ndi ine timalipira tokha kuti tithamange, n'kubwera ndi mendulo ndi tisheti. Kutengera ndandanda ya Kipchoge popanda malipiro a Kipchoge ndi kupempha mayi a mwana kuti akhale Grace Sugut mwaulere.

Apongozi abwera kudzathandiza, ndipo tili ndi mtsikana wantchito. Ndiye vuto lili pati?

Funsoli limafunsidwa ndi nkhope yowala. Ndi mwayi ndithu, ndipo anzathu a kunja amaulakalaka. Apongozi akakhalapo, mutha kutuluka mtima uli m'malo. Mwina adzakuthamangitsani okha kuchipinda, kuti za matewera si za amuna.

Koma onani zinthu ziwiri. Choyamba, apongozi adzapita. Munda ukuwadikira. Tsiku lomwe adzakwere basi, ngati simunaphunzire kusambitsa mwana, kumutonthoza, kudziwa kulira kwa njala ndi kulira kwa tulo, mudzakhala mlendo m'nyumba mwanu, ndipo mwanayo adzalira mukamunyamula. Luso limeneli limabwera ngati la kuthamanga lomwe: pobwereza tsiku ndi tsiku. Chachiwiri, pali zomwe apongozi sangachite m'malo mwanu. Ku sikelo, pa katemera wa masabata 6, 10 ndi 14, pitani nawo. Usiku wa katemera mwana amatha kutentha thupi ndi kuvuta, choncho m'mawa wotsatira musaikepo kuthamanga kolimba. Lembani masiku amenewa pa ndandanda yanu ya kuthamanga, pomwe pamakhala masiku a mipikisano.

Palinso nkhani ya ulemu. Munthu wamkulu wachoka kumudzi, wachezera ndi mdzukulu, kenako akuona mkamwini akulowa 9 koloko m'mawa atavala kabudula wamfupi, thukuta kamukamu, akufunsa ngati tiyi wapsa. Sadzanena kanthu. Adzakanena kumudzi.

Nanga ife okhala kunja, opanda wachibale pafupi?

Ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain, mawerengero aja amauma kwambiri, chifukwa mukatuluka mayi amatsala okha enieni. Ambiri mumagwiranso mashifiti. Kumeneko ulendo wa kuntchito ndiwo bwenzi lanu. Ma parkrun a Loweruka m'mawa, omwe ndi a makilomita 5 ndipo salipiritsa, amakwanira bwino m'miyezi imeneyi: mumathamanga mwamphamvu, mumaona anthu, mumabwerera msanga. Makina othamangirapo m'nyumba amathandizanso m'nyengo yozizira, bola phokoso lake lisadzutse mwana ndi aneba a pansi.

Kodi ndingathamange naye mwanayo?

Kumbuyo pa chitenje kapena pachifuwa, ayi. Yendani naye, osathamanga. Khosi la khanda silinalimbe, mutu ndi wolemera, ndipo mukapunthwa mugwa naye. Pali zikuku za ana zopangidwira kuthamanga, za mateyala atatu opopa, koma nazonso malangizo ake ndi oti mwana akwane kaye miyezi 6 mpaka 8, khosi litalimba. Zimafunanso njira yosalala. M'misewu yathu yambiri, momwe oyenda pansi, akabaza ndi minibasi amalimbirana mphepete imodzi, ine sindingayese.

Ndamva kuti kulera khanda kumatsitsa mphamvu za chimuna. N'zoona?

Pali poyambira pake. Kafukufuku wa Lee Gettler ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011, anatsatira anyamata a ku Cebu ku Philippines kwa zaka zingapo, ndipo anapeza kuti testosterone, mchere wa m'thupi wopatsa mphamvu za chimuna, inatsika mwa omwe anakhala abambo, makamaka omwe ankatha maola ambiri akusamalira ana. Amenewa si matenda. Ndi mmene thupi la bambo limadzikonzera kuti alere. Musaigwiritse ntchito nkhaniyi pothawa matewera. Ngati liwiro lanu latsika, yambani mwafunsa kuti mwagona maola angati.

Ndayamba kunenepa.

Mwachepetsa makilomita koma mitanda ya nsima ndi yomwe ija, kuonjezerapo zakudya zonse zomwe alendo akubweretsera mayi. Chotsani mtanda umodzi madzulo. Musadzimane chakudya mwankhanza, pakuti munthu wosagona ndi wanjala pamodzi sapirira kulira kwa mwana. Makilogalamu awiri kapena atatu adzachoka okha makilomita akadzabwerera.

Nsapato zatha, koma ndalama zonse zikupita ku matewera.

Nsapato zothamangira zimatha pakati pa makilomita 500 ndi 800. Mukatsika kuchoka pa makilomita 60 pa sabata kufika pa 25, nsapato zomwe zikanatha m'miyezi itatu zikufikitsani miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Imeneyo ndi mphatso yobisika ya kuchepetsa. Zikathadi, za pa kaunjika zilipo zabwino, koma finyani kaye chapakati pa soli: ngati pafota kapena pali makwinya ambiri, mwini woyamba anadya kale makilomita ake. Wotchi yatsopano idikire. Ndipo musabise mtengo wa chinthu. Risiti imapezeka nthawi zonse, kawirikawiri m'thumba la buluku pa tsiku lochapa.

Akazi anga akuti ndikuthawa mwana. Koma ndikapanda kuthamanga ndimakhala wokwiyakwiya.

Zonse ziwiri zitha kukhala zoona. Kuthamanga kumapepuza mutu, ndipo bambo wobwera ku mphindi 40 za pamsewu nthawi zambiri amapirira bwino kulira kwa madzulo. Chimenecho n'chifukwa chomveka chosasiyiratu. Auzeni mayi momwemo, mosabisa: ndikufuna mphindi zimenezi kuti mutu ukhale bwino, nanga inu mukufuna chiyani?

Koma dzifunseni nokha moona. Kodi mumatuluka nthawi yanji? Ngati nsapato zimakuitanani nthawi yomwe mwana wayamba kuvuta, ngati makilomita anu akwera chibadwire mwana m'malo motsika, ngati mukafika pageti mumafuna mutazunguliranso kamodzi chifukwa cholowa m'nyumba chikukulemerani, ndiye kuti mayi aona chomwe inu simukufuna kuchiona. Ine zinandichitikira. Mwezi wachitatu wa mwana woyamba ndi womwe ndinathamanga makilomita ambiri kuposa mwezi wina uliwonse chaka chimenecho, ndipo ndinkauza anthu kuti ndi khama.

Matenda a nkhawa ndi kukhumudwa amagwiranso abambo. Kafukufuku wa mu 2010 wophatikiza zopeza za m'mayiko ambiri anaonetsa kuti ndi bambo mmodzi pa 10 aliwonse, ndipo zimachuluka mwana ali ndi miyezi 3 mpaka 6. Mwa amuna sizibwera ndi misozi nthawi zonse. Zimabwera ngati mkwiyo, kusafuna kulankhula, mowa, kapena kusowa pakhomo. Zikapyola masabata awiri, kaonaneni ndi achipatala, kapena yambani mwauza munthu wamkulu yemwe mumamukhulupirira. Muziwayang'ananso mayi. Kulira ndi kusinthasintha mtima m'masiku oyamba n'kofala ndipo kumatha, koma ngati kukupitirira, ngati sakudya, sakugona ngakhale mwana atagona, kapena akulankhula zodzivulaza, apititseni kuchipatala. Zimenezi simungazione muli pamsewu wa ku Chileka.

Ndi liti pomwe sindiyenera kutuluka ngakhale mphindi 10?

Mwana akakana kuyamwa, akatentha thupi kapena kuzizira modabwitsa, akamapuma mofulumira kapena mobanika, akakomoka, akafooka, akachita chikasu m'maso ndi m'mapazi, kapena pamchombo pakafiira n'kutuluka mafinya. Kwa mayi: kutaya magazi kwambiri, mutu waukulu ndi kusaona bwino, kutentha thupi, kupuma movutika, mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka. Pamenepo liwiro lanu ligwire ntchito yofuna galimoto.

Akazi anga nawonso amathamanga. Tigawane bwanji?

Iwo akhale oyamba kusankha masiku. Inu mwapuma masabata awiri, iwo apuma miyezi. Malangizo a akatswiri a mafizo a ku Britain a mu 2019 amati mayi asayambe kuthamanga asanathe masabata 12 chichirire, ndipo ayambe ndi kuyenda ndi kulimbitsa minofu ya m'chiuno. Akafika poyambiranso kuthamanga, chaka chimenecho mpikisano waukulu ukhale wawo.

Anthu amakonda kutchula Paula Radcliffe, yemwe anabereka mu Januwale 2007 n'kupambana marathon ya ku New York mu Novembala chaka chomwecho, ndi Jasmin Paris, yemwe mu Januwale 2019 anapambana Spine Race ya makilomita oposa 400 ku Britain, kuposa amuna onse, akufinya mkaka wa mwana wake m'malo opumira. Nkhani zimenezi musazigwiritse ntchito pofulumizitsa akazi anu. Funso lomwe likukhudza inu ndi lina: masiku onsewo amayiwa ali panjira, mwana anali ndi ndani?

Ndiye marathon yeniyeni ndibwerereko liti?

Osawerenga miyezi ya pa kalendala, werengani usiku. Mwana akayamba kugona maola 5 kapena 6 motsatizana masiku ambiri, ndipo mayi akavomera ndi pakamwa pawo, osati mongokhala chete, mutha kuyamba kuonjezera. Kwa ana ena zimachitika pa miyezi 6, mwana akayamba phala. Kwa ena zimadutsa chaka. Zimabwereranso m'mbuyo: mano akamamera, chimfine, malungo, mayi akabwerera kuntchito. Choncho ngati ndandanda ya m'buku ikuti masabata 16, inu ikani 20, podziwa kuti anayi adzadyedwa. Onjezerani makilomita pang'onopang'ono, chifukwa mtima ndi mapapo zimabwerera msanga kuposa misempha ndi mafupa, ndipo ovulala ambiri ndi omwe amayambira pomwe anasiyira. Yambani ndi wa makilomita 21 muone mmene nyumba ikupiririra.

Pa mwana wachiwiri ndinabwerera ku makilomita 42 ali ndi miyezi 14. Ulendo wanga wautali kwambiri pokonzekera unali makilomita 29, ozungulira njira ija ya pageti, ndipo pa tsikulo miyendo inandikumbutsa zimenezi kuyambira pa kilomita ya 33. Ndinachedwa ndi mphindi 19 poyerekeza ndi nthawi yanga yakale. Pomalizira ndinawapeza atandidikira pamthunzi, mwana ali mtulo kumbuyo kwa mayi ake, sanaone chilichonse. Atadzuka ndinamupatsa mendulo, iye n'kuiika m'kamwa, pakuti mano a m'mbali anali akumera. Mayi ake anandipatsa botolo la madzi, kenako anamasula chitenje n'kundipatsa mwanayo, nati masana onse ndi anga.